Pakamwa Pamodzi, Mawu ndi Lipenga

Woimba gitala amadziperekeza yekha, zala pa nsambo, mawu pakamwa, zonse nthawi imodzi. Walipenga alibe mwayi umenewo. Milomo ndi yomweyo, mapapo ndi omwewo, kotero akamaimba lipenga limangokhala m'manja, ndipo akaliika pakamwa mawu a nyimbo amayamba adikira. Zili ngati anthu awiri osinja mumtondo umodzi: munsi wina ukamatsika, wina uyenera kukhala uli m'mwamba. Luso la jazz yachikondi yoimbidwa ndi walipenga lagona pa kupatsana mpata kumeneku. Womvera asamve pomwe pasinthira. Amve munthu mmodzi akufotokoza nkhani imodzi, kaya ikudzera kukhosi kaya m'chitsulo.

Dzina lomwe limabwera msanga pa nkhaniyi ndi la Chet Baker, yemwe anabadwira ku Yale, Oklahoma, mu 1929 ndipo anamwalira ku Amsterdam mu 1988. Anatchuka mu 1952 ali m'gulu la anthu anayi la Gerry Mulligan ku Los Angeles, gulu lomwe linalibe piyano. Kusowa kwa piyanoko kunamuphunzitsa zambiri, chifukwa popanda wokuyalira ma chord (manoti angapo omveka pamodzi) kumbuyo noti iliyonse imene wawomba imakhala poyera, ndiye umazolowera kusankha manoti ochepa koma oyenera. Mu 1954 kampani ya Pacific Jazz inatulutsa chimbale cha Chet Baker Sings, Russ Freeman ali pa piyano, ndipo anthu odziwa jazz anagawanika. Ena ankati mnyamatayo angosiya kuimba apitirize lipenga. Mawu ake anali opyapyala, apamwamba, osanjenjemera, oimbidwa pafupi kwambiri ndi maiki. Louis Armstrong, wa ku New Orleans, anali ataimba ndi kuwomba lipenga kwa zaka pafupifupi 30 Baker asanatulutse chimbalecho, koma iye anali wa mawu amanzenene ndi lipenga lowala lofika mpaka kumpando womaliza wa holo. Awiriwa ndi osiyana kutali, komabe amagwirizana pa chinthu chimodzi: aliyense ankaimba ndendende momwe ankawombera. Popumira, pochedwera, pogogomezera, zonse zinali zofanana pa mawu ndi pa lipenga.

Tiyambe ndi masamu, poti ambiri amalephera pomwepa asanatsegule n'komwe pakamwa. Nyimbo zambiri zachikondi za jazz zili ndi ma bar 32 (pano bar ndi kagulu ka mabiti anayi, ndipo biti ndi kugunda kumodzi kwa nyimbo), ogawidwa m'zigawo zinayi za ma bar 8. Chigawo choyamba chimabwerezedwa, kenako pamabwera chigawo chachilendo chomwe oimba amachitcha bridge, kenako choyamba chija chimabweranso. Ndi chifukwa chake amati AABA: A ndi chigawo choyamba chija, B ndi bridge. Liwiro lake nthawi zambiri limakhala pakati pa mabiti 50 ndi 72 pa mphindi. Mukasankha 60, bar imodzi ya mabiti anayi imatenga masekondi 4, chigawo chimodzi masekondi 32, ndipo kuzungulira nyimbo yonse kamodzi ndi mphindi 2 ndi masekondi 8. Mukati muimbe yonse, muwombe yonse, muimbenso yonse, mwadya mphindi 6 ndi masekondi 24, ndipo milomo ndi omvera omwe atopa. Njira yabwino ndi kuzungulira kawiri. Ulendo woyamba muimba mawu onse. Ulendo wachiwiri lipenga litenga ma A awiri oyamba, wapiyano atenga bridge, inu mubwerera ndi mawu pa A womaliza. Ma bar 8 a wapiyanowo si ulemu chabe kwa mnzanu. Ndi masekondi 32 anu opumitsa milomo ndi kumasula khosi. Komanso werengani nyimbo iliyonse payokha. My Funny Valentine, yomwe Richard Rodgers ndi Lorenz Hart analemba mu 1937 ndipo Baker ankaibwereza moyo wake wonse, ili ndi ma bar 36, ndiye wowerenga 32 mwachizolowezi amalowa ma bar anayi nthawi isanakwane.

Posinthira poyamba pamakhala pa bar 31 ndi 32. Liwu lomaliza la nyimbo limagwera kawirikawiri pa biti yoyamba ya bar 31, ndipo gulu limatsala likuzungulira ma chord obwerera kuchiyambi. Muli ndi masekondi 8. Mukalikoka liwulo bar yonse chifukwa likukoma, mwatsala ndi 4, ndipo m'masekondi anayiwo muyenera kubwerera m'mbuyo pang'ono kuchoka pa maiki, kunyowetsa milomo, kukhazika mouthpiece (kachitsulo ka lipenga kokhudza milomo) pamalo pake, kukoka mpweya, n'kulowa ndi manoti otsogolera bar yoyamba isanafike. Chimachitika n'chakuti mouthpiece imakhala mopendekeka ndipo noti yoyamba imasweka. Dulani liwu lomaliza pakatha mabiti awiri. Lipenga ligwireni kale ndi dzanja lamanzere mmene mumaligwirira powomba, zala zili pamalo pake, osati kulipachika pansi pa mkono.

Kiyi, kutanthauza kukwera kapena kutsika kwa nyimbo yonse, imasankhidwa ndi khosi, osati lipenga. Pezani noti yapamwamba kwambiri m'nyimboyo ndi yapansi kwambiri, kenako sunthani kiyi mpaka yapamwambayo muthe kuiimba monong'ona popanda kutukula chibwano. Kwa amuna ambiri malire amenewa ali cha pa D kapena E wa pamwamba pa C wapakati pa piyano. Mukapeza malirewo tsikaninso toni imodzi (mtunda ngati wa pakati pa C ndi D), chifukwa mawu a munthu amene wangowomba lipenga sakwera ngati a munthu amene wangodzuka pampando. Zikatero mpamene mumayang'ana lipenga. Lipenga lofala ndi la B flat, kutanthauza kuti mukagwira C wanu, chotuluka pa piyano ndi B flat. Mumawomba toni yathunthu pamwamba pa zomwe wapiyano akuwerenga: iye ali mu E flat, inu muli mu F, iye mu F, inu mu G, iye mu C minor, inu mu D minor. Makiyi amenewa amagona bwino pa zala. Vuto limabwera ngati mukuperekezedwa ndi wagitala wokonda E kapena A, pakuti E imakuponyani mu F sharp wa ma sharp 6, ndipo A imakuponyani mu B wa ma sharp 5. N'zotheka kuwomba, koma ngati kutsika theka la toni sikuvulaza mawu, pemphani E flat kapena A flat.

Pali msampha wina womwe kiyi yoyenera khosi imautchera yokha. Lipenga limaimba chuni octave imodzi (mtunda wochokera pa C kufika pa C wotsatira) pamwamba pa mawu achimuna, ndiye manoti apansi a nyimbo amakagwera pa D ndi C sharp apansi pa mizere isanu yolembapo manoti a lipenga. D imagwidwa ndi valavu 1 ndi 3 (mavalavu ndi mabatani atatu a lipenga otsindika ndi zala), C sharp ndi mavalavu onse atatu, ndipo manoti awiriwa amatuluka okwera pa lipenga lililonse. Chifukwa chake n'chosavuta. Valavu iliyonse imawonjezera kapaipi kotalika moyenerera lipenga lopanda valavu ina yotsindikidwa. Mukatsindika ziwiri kapena zitatu, paipi yonse yatalika kale, ndiye zowonjezerazo zimaperewera. Pa nyimbo yothamanga palibe amene amamva. Pa nyimbo yachikondi, pomwe noti imodzi imakhala masekondi atatu, aliyense amamva ngakhale sadziwa kuti chalakwika n'chiyani. Kankhirani kunja silaidi ya valavu yachitatu, kapaipi kake kokokeka kaja, ndi chala chamanzere, pafupifupi sentimita imodzi pa D ndi kuposerapo pa C sharp, n'kuibweza mukangodutsa. Silaidi imeneyi iyenera kuyenda mopepuka. Ikauma, ipukuteni n'kuipaka girizi wopepuka wosakaniza ndi dontho la mafuta a mavalavu.

Tsopano kamvekedwe. Kuwomba motsitsa n'kovuta kuposa kuwomba mokweza, ndipo amene anaphunzirira m'mabandi a pelete, a sukulu kapena a tchalitchi ayenera kusiya zizolowezi ziwiri. Choyamba ndi lilime lolimba loyambira noti ndi "ta". Pano lilime limangokhudza pang'ono ngati mukunena "du", ndipo manoti ena amayamba ndi mpweya wokha popanda lilime. Chachiwiri ndi kutseka noti ndi lilime. Noti ya nyimbo yachikondi imatha chifukwa mpweya wachepa pang'onopang'ono, osati chifukwa chitseko chatsekedwa. Zoyeserera zake ndi manoti aatali, mphindi 10 mpaka 15 tsiku lililonse. Yambani pa G wapakati ndi mphamvu yapakatikati, werengani mabiti 8 mukutsitsa mpaka kamvekedwe katsale pang'ono kuzimiririka, werenganinso 8 mukubwerera. Pumani nthawi yofanana ndi imene mwawomba, kenako tsikani theka la toni. Noti ikamaduka pakati n'kutsala mpweya wokha, pali zifukwa ziwiri zotheka: mwina mpweya waleka kuyenda mokhazikika chifukwa mimba yalekerera, kapena mwapana milomo mpaka yasiya kunjenjemera. Kutsitsa sikutanthauza mpweya wofooka. Ndi mpweya wochepa koma wosagwedezeka, wodutsa pa kampata kakang'ono pakati pa milomo yomasuka.

Zipangizo zimathandizako, koma sizichita zonse. Pa mouthpiece za kampani ya Bach, nambala imasonyeza kukula kwa m'mphepete ndipo chilembo chimasonyeza kuya kwa kapu, A kukhala yakuya, C yapakati, E ndi F zosaya. Malipenga ambiri atsopano amabwera ndi 7C. Kapu yakuya imapereka kamvekedwe kakuda ndi kofewa, koma imakulandani manoti apamwamba ndipo imatopetsa msanga, ndiye musasinthe sabata ya konsati. Flugelhorn, m'bale wa lipenga, yomwe Hugh Masekela wa ku South Africa ankakonda ndipo Baker anaigwiritsako ntchito m'zaka za m'ma 1960, ili mu B flat yemweyo ndi kagwiridwe ka zala komweko, koma paipi yake imakula pang'onopang'ono ndipo imamveka pafupi ndi mawu a munthu. Kuipa kwake n'kwakuti manoti ake amasochera mosavuta. Harmon mute (chotsekera cholowetsa m'kamwa mwa lipenga kuti lisinthe kamvekedwe) yochotsedwa kapaipi kapakati, yomwe Miles Davis anaitchukitsa, imafuna maiki pafupi kwambiri, imakweza manoti pang'ono kotero silaidi yaikulu yochunira lipenga iyenera kutulutsidwa mamilimita angapo, ndipo imatenga nthawi kuilowetsa. Ngati mukufuna mute, ilowetseni nyimbo isanayambe. Pumirani mpweya wofunda m'kamwa mwa lipenga kuti kok, kachikopa kofewa kozungulira mute, igwire, apo ayi idzagwa pansi pakati pa nyimbo.

Mano ndi milomo ndiye maziko. Mu 1966 Baker anamenyedwa ku California ndipo mano ake anawonongeka mpaka anayamba kuvala oikirira. Zinamutengera zaka kuti aphunzirenso kukhazika milomo, ndipo anabwerera mokwanira cha m'ma 1973 ndi 1974. Armstrong nayenso anavutika ndi mlomo wong'ambika chifukwa chokanikiza chitsulo pofuna manoti apamwamba usiku ndi usiku. Kwa walipenga woimba, kukanikiza kumalipitsa kawiri. Mlomo wofinyidwa umatupa n'kuchita dzanzi, ndiye mukabwerera pa maiki zilembo za milomo monga m, p, b ndi w zimatuluka zosamveka. Mukachotsa lipenga n'kuona mphete yoyera kapena yofiira kwambiri pamlomo yomwe sikuchoka pakatha mphindi imodzi, mukukanikiza. Chotsani kachala kakang'ono kakumanja m'ngowe yake poyeserera, chifukwa ngoweyo ndi imene manja amakokera. Ndipo khalani m'dera lapakati, kuchokera pa C wapansi kufika pa G wa pamwamba pa mizere. Zambiri zomwe anthu amakonda mwa Baker zili m'dera lomwelo.

Posinthira povuta kwambiri ndi pobwerera, kuchoka ku lipenga kupita ku mawu, ndipo pamafunika kumvetsa zomwe zikuchitika m'chifuwa. Lipenga limafuna mpweya wopanikizika koma silimeza wochuluka, makamaka mukamawomba motsitsa. Mumakoka wambiri, mumatulutsa wochepa, mumakokanso pamwamba pa wotsalawo. Pomatha ma bar 16 chifuwa chadzaza ndi mpweya wakale, mapewa akwera, ndipo mukumva ngati mukubanika ngakhale mapapo ali odzaza. Munthu wotere akatsegula pakamwa kuti aimbe, liwu loyamba limatuluka lolimba ndi lokwera, kenako mzere wonse umatsika chifukwa khosi latopa ndi kugwira. Mankhwala ake ndi kutulutsa musanakoke. Mukangochotsa lipenga, tulutsani mpweya wonse pakamwa mwakachetechete kutali ndi maiki, tsitsani mapewa, masulani nsagwada, mezani malovu kamodzi, kenako kokani mpweya wochepa wokwanira mzere woyamba. Pa bar yomaliza ya wapiyano ng'ung'udzani noti yanu yoyambira chamumtima kapena motsitsa kwambiri. Kumbukirani kuti makutu anu akhala akumva chuni octave imodzi pamwamba, ndipo mutu wanu wakhala ukutchula manoti ndi mayina a lipenga. Noti yoyambira itengeni ku piyano kapena ku besi.

Ena amatseka khosi powomba osadziwa, ndipo mumamva kakubuula kakang'ono noti iliyonse isanatuluke. Chizolowezichi chimapha mawu pofika pakati pa konsati. Dzijambuleni pa foni mutaiika pafupi ndi khosi, mudzakamva. Potenthetsa thupi musanakwere pa siteji, yambani ndi mawu kwa mphindi 10, kenako lipenga, kuti khosi liphunzire kumasuka lisanakumane ndi kupanikizika. Madzi akhale pafupi, osazizira kwambiri. Mafuta opaka milomo apukuteni musanayambe chifukwa amatereretsa mouthpiece.

Lipenga nalo limasintha pomwe inu mukuimba. Chitsulo chikazizira manoti amatsika, chikatentha amakwera. Mphindi ziwiri za mawu, makamaka panja usiku wa mwezi wa June kapena m'chipinda chozizira ndi makina, n'zokwanira kuti noti yanu yoyamba ituluke yotsika. Komanso nthunzi ya mpweya wanu imasanduka madzi m'paipi, ndipo madziwo amalira "gudugudu" pa noti yofewa. Pa ma bar omaliza a mawu simungachite kanthu, choncho tsegulani kachitseko kotayira madzi nyimbo isanayambe, ndipo mouthpiece muziifumbata ndi dzanja lamanja mukamaimba kuti isazizire.

Kaimbidwe ka mawu kamayenda ndi lamulo lomwe lija la manoti aatali. Musakankhe. Mzere uliwonse uyambe ndi kutha mwaukhondo, kunjenjemeretsa mawu kubwere kumapeto kwenikweni kwa noti yaitali ngati kukufunika n'komwe. Oimba jazz amachedwerako pang'ono kumbuyo kwa biti, koma kuchedwa kumakoma pokhapokha ngati mukudziwa pomwe biti ili, ndipo mumaipezanso pa chiyambi cha chigawo chilichonse. Wochedwa chifukwa wasochera amamveka kuti wasochera. Njira yolumikizira mawu ndi lipenga ndi iyi: tengani mzere umodzi, uneneni ngati mukulankhula ndi munthu, uimbeni, uimbeninso uku zala zikutsindika mavalavu oyenera popanda kuwomba, kenako uwombeni mukupumira pomwe munapumira poimba. Mukapuma pakati pa liwu pa lipenga, womvera amene wangomva mawuwo amazindikira kuti china chaduka. Ndi chifukwa chake walipenga ayenera kuloweza mawu a nyimbo ngakhale imene sadzaimba. Ma solo nawonso muziyamba mwawaimba pakamwa. Chimene simungathe kuchiimba ndi zala chabe zikuthamanga, ndipo m'nyimbo yachikondi chilibe malo.

Wofuna kupeka mawu a Chichewa pa kaimbidwe kameneka ali ndi mwayi umodzi ndi vuto limodzi. Mwayi ndi wakuti mawu athu amathera pa a, e, i, o kapena u, ndiye noti yaitali imakhala yotseguka. Vuto ndi lakuti timakoka chigawo chachiwiri kuchokera kumapeto kwa liwu, pomwe mizere yambiri ya Chingerezi imagogomeza chigawo chomaliza. Mukaika "chikondi" pa chuni chotero, "ndi" ndiye amagwera pa biti yamphamvu ndipo liwulo limamveka lachilendo. Ikani "ko" pa biti yamphamvuyo n'kuwonjezera kanoti kopepuka ka "ndi".

Maiki ndi gawo la chida. Poimba, pakamwa pakhale masentimita 2 mpaka 5 kuchokera pa maiki wamba ya pa siteji monga Shure SM58. Maiki zoterezi zimakuza mbali yapansi ya mawu mukayandikira, ndipo kufunda komwe anthu amakumva m'mawu onong'ona kumachokera pamenepo. Kuyandikirako kumakuzanso mpweya wa p, ph, th ndi kh, ndiye maiki iloze pakona ya pakamwa, ndipo wa makina adule mawu onse apansi kwambiri, a pansi pa 80 kapena 100 Hz. Lipenga lopanda mute likalowa pa maiki yomweyo pa mtunda womwewo, masipika amang'ambika ndipo omvera amadzidzimuka. Bwererani masentimita 30 mpaka 60 n'kuloza pambali pang'ono. Ngati pali maiki ziwiri n'kwabwino, yachiwiri ikhale pansi pang'ono ndi mphamvu yochepetsedwa, koma kumbukirani kuti ya mawu ikumvabe lipenga. Reverb, kamvekedwe kobwerera ngati ka m'holo yaikulu, ikhale yochepa. Yambiri imabisa kulakwitsa kwa manoti kwa inu nokha, osati kwa omvera.

Gulu lokuperekezani lichepetse zochita. Wang'oma agwiritse maburashi, dzanja limodzi likusesa mozungulira pa snare (ng'oma yaing'ono ya kutsogolo), hi-hat (zitsulo ziwiri zotsekedwa ndi phazi) ikutseka pa biti 2 ndi 4. Wabesi agunde pa 1 ndi 3 ulendo woyamba, ayende mabiti onse anayi pokhapokha lipenga likalowa ngati mukufuna kuti nyimbo idzuke. Wapiyano ndiye ali ndi ntchito yomwe walipenga wina akanachita kumbuyo kwa woimba, yodzaza mipata pakati pa mizere, koma adzaze mpata wokhawo, asapondereze liwu. Agwirizane nanunso za mathero pasadakhale: kodi ma bar awiri omaliza abwerezedwa kangati, ndipo noti yomaliza ndi ya mawu kapena ya lipenga. Simungathe kuchita zonse ziwiri popanda mpata wa ma bar awiri pakati.

Otsanzira Baker ambiri amatengera zofooka zake n'kusiya mphamvu zake. Amaimba mofooka, motsika pang'ono, ngati munthu wodwala, poganiza kuti chisoni chili pamenepo. Pa zojambulidwa za 1954 manoti ake ali pamalo pake ndipo nthawi yake ndi yolimba. Mankhwala osokoneza bongo omwe anamulowetsa m'ndende ku Italy mu 1960 sanamupatse kamvekedwe kameneko. Anamulanda zaka, thanzi ndi malipenga omwe ankapinyolitsa. Chomwe anali nacho ndi khutu, poti zambiri ankaphunzira pomvera, ndipo khutu limakula ndi ntchito: kumvera mzere, kuuimba, kuupeza pa lipenga popanda pepala, kenako kuusunthira m'makiyi ena awiri kapena atatu.

Pokonza ndandanda ya konsati, musaike nyimbo zodekha zoposa ziwiri motsatizana. Manoti aatali ofewa amatopetsa minofu ya m'mbali mwa pakamwa kuposa nyimbo yothamanga yokhala ndi mipata yambiri. Nyimbo yomwe ili ndi noti yapamwamba kwambiri ya mawu ikhale m'mphindi 20 zoyambirira, khosi lisanaume, ndipo yofuna lipenga lofewa kwambiri isakhale yoyamba, milomo isanatenthe, kapena yomaliza, itatupa kale. Pakati pa ziwirizi ikani nyimbo imodzi ya liwiro lapakati yomwe wapiyano ndi wabesi atenga ma solo aatali, inu n'kupeza mphindi zitatu zotaya madzi m'lipenga, kumwa anu, ndi kuonanso silaidi yaikulu, chifukwa pofika pamenepo chitsulo chatentha ndipo manoti akwera.